Nachisale wa mu Kanema

Chaka cha 2017 anyamata a ku Joni anapenga ndi ndalama yosagwirika. Aliyense wokhala ndi laputopu ndi jekete labwino ankakamba za Bitikoini ngati ndi msuweni wake, ndipo olimba mtima ankayambitsa ndalama yawoyawo n'kuipatsa dzina ngati mwana. Tichaona anali mmodzi wa olimba mtimawo. Yake anaitcha Nkhokwe.

Esitere anamudziwira ku zinyalala. Mayiyu ankakolopa m'maofesi a nyumba ina yaitali ku Sandton, momwe achinyamata ankachita lendi desiki imodziimodzi, ndipo bini ya Tichaona ndiyo inkadzaza msanga kuposa zonse. Tsiku lina mnyamatayo anamumva akuyankhula pa foni ndi mkulu wake wa ku Ntcheu. Anadikira kuti amalize, kenako anamupatsa moni m'Chichewa chokalamba, cha madala a m'mafamu a ku Zimbabwe, chomwe kumudzi chinasiya kumveka kalekale. Agogo ake a Tichaona ndiwo anachoka ku Malawi n'kukatchona ku mafamu a fodya. Iye mwini dzikolo anali asanalipondepo, komabe akamati "kwathu" maso ankamuwala kuposa Esitere wobadwira komweko.

Za Nkhokwe anamufotokozera kangapo, Esitere atatsamira mopu. Akuti inali ndalama yokhala mu foni, yosadziwa banki, yosadziwa malire a dziko. Munthu wa ku Ivory Park akangodina, ya sopo ifike ku Ntcheu asanaphethire, popanda wa thiransipoti wodyapo pakati kapena wosowa nayo m'njira. Esitere ankangogwedeza mutu. Chinthu chosamangika pa nsonga ya chitenje sankachikhulupirira kwenikweni. Koma mnyamatayo sanali wakuba ayi. Nthenda yake inali yokhulupirira maloto ake mopitirira muyeso, ndipo nthenda imeneyo ndi yopatsirana.

Tsiku lokhazikitsa ndalamayo linali Loweruka loyamba la Disembala, mu holo ya tchalitchi china ku Troyeville. Tichaona anali atasindikiza malaya obiriwira okhala ndi chithunzi cha nkhokwe pachifuwa. Anali atazungulira matchalitchi a Amalawi, kupempha mphindi zisanu pa zolengeza n'kudya makumi awiri. Anali atatsegula magulu a Watsapu ochuluka moti foni yake inkatentha m'thumba. Aliyense wobweretsa mnzake ankamulonjeza Nkhokwe zaulere. Chomwe chinkasowa chinali kanema wamfupi, woti munthu akaonera mtima ugunde, chala chithamangire kutumizira wina. Ndipo kanemayo ankafuna mayi, mayi weniweni, woyankhula Chichewa cha kumudzi chosasakaniza.

"Asisi, nkhope yanu ndi imene ndikuifuna," anatero tsiku lina. "Kanema ameneyu adzafika mpaka kwanu. Foni iliyonse ya ku Malawi mudzakhala mulimo."

Akanayamba ndi za malipiro, mwina Esitere akanakana. Koma ananena kuti kwanu.

Panali patapita zaka zisanu ndi zinayi chichokereni Esitere kwawo. Anabwera ku Joni kudzafuna mwamuna wake, Chisale, yemwe anatsogola n'kungoti zii ngati mwala woponya m'chitsime. Sanamupeze. Anapeza ntchito, n'kunena kuti agwireko chaka chimodzi. Masiku a mu pasipoti anatha, ndipo aliyense ankadziwa kuti wotuluka ndi pasipoti yotero pobwerera amapeza chipata chotseka. Choncho chaka chimodzi chija chinabala zinzake. Kumudzi anasiya mwana mmodzi yekha, Mainesi, ali ndi zaka zisanu, m'manja mwa mkulu wake Felesita.

Lamulungu lililonse masana ankaimba foni. Felesita ankayamba ndi za mvula, za maliro, za feteleza, kenako n'kupereka foni kwa mwana. Mainesi ankayankha ngati akuyankha aphunzitsi aakulu. Ee. Ayi. Zikomo. Ndili bwino, kaya inu. Ulemu wake unali wokwana, ndipo ulemu umenewo ndi umene unkamupweteka Esitere kuposa chipongwe. Ankamusowa mwana wake. Ankamusowa pokolopa, ankamusowa mu takisi, ankamusowa akaona ana a sukulu akudutsa msewu atagwirana manja. Zithunzi ankatumiza, koma chithunzi sichiyenda, sichiseka. Ankafuna Mainesi amuone kamodzi kokha ali wamoyo, akusuntha, kuti adziwe kuti mawu a Lamulungu aja ali ndi mwiniwake. Ndiye anavomera.

Anakajambulira ku Ivory Park, komwe Esitere ankakhala, kuseri kwa mikhukhu, tizisakasa ta malata tija, m'mbali mwa kamtsinje momwe Amalawi ena anadzala chimanga ndi maungu. Wojambula akapanda kukweza kamera n'kuonetsa mawaya a magetsi, malowo ankafanana ndithu ndi kumudzi. Nkhani yake inali yachidule. Poyamba mayi ali mu yunifolomu ya ntchito, akudina foni. Kenako mayi yemweyo wavala chitenje, chikwama chili kumanja, akufika kwawo, mwana akumuthamangira. Mwanayo anali Mitchelle, mwana wa mlongo wake wa Tichaona, wazaka zisanu ndi zitatu, wobadwira ku Tembisa. Chizulu ndi Chingelezi ankatafuna bwino, koma Chichewa anamuphunzitsa mawu awiri okha m'galimoto, oti amayi abwera.

Kanayi konse zinakanika. Esitere ankauma ngati chitsa, manja osadziwa kolowera. Wojambula anayamba kuyang'ana wotchi. Tichaona anamuyandikira n'kumuuza motsitsa kuti aiwale kamera, aganize kuti mwanayo ndi wake, ndipo amuitane ndi dzina lililonse lomwe lingabwere pakamwa.

Kachisanu Mitchelle anatulukira m'chimanga akuthamanga, timiyendo tili mbuu ndi fumbi lomwe anamupaka dala. Esitere anaona msinkhu umene sanauonepo pa mwana wake, msinkhu womwe unadutsa iye akupukuta magalasi a anthu. Chikwama chinagwa chokha.

"Nachisale!"

Anamunyamula, n'kumukanikiza pachifuwa, nkhope ataikwirira m'khosi mwa mwanayo. Misozi yake sinali ya sewero. Wojambula, yemwe sankamva Chichewa n'komwe, anaiwala kunena kuti basi.

Pobwerera mtima wa Esitere unali m'malere. Nachisale unali mfunda wa Mainesi, dzina la mtundu wa bambo ake, lomwe mayi amaitanira mwana wamkazi akafuna kumulemekeza ndi kumusangalatsa. Esitere ankaona ngati wabisa kalata m'kanema wa eni ake. Anthu onse adzaona malonda a Nkhokwe, koma Mainesi yekha adzamva kuti woitanidwayo ndi iye. Anadziona wochenjera, ndipo palibe tsiku loopsa kwa munthu ngati tsiku limene wadziona wochenjera.

Kanemayo anayenda kuposa momwe Tichaona ankalotera. Pasanathe sabata anali atafika m'magulu a matchalitchi, a zipani za maliro, a amayi a ku Cape Town ndi ku Durban. Mu takisi anthu ankamuyang'ana Esitere kawiri. Mayi wina wa ku Thyolo anamugwira dzanja pa siteji ya matakisi ya Noord n'kumuuza kuti analira mpaka madamu ake anamufunsa ngati kumudzi kwagwa zovuta. Olembetsa Nkhokwe anachuluka, Tichaona n'kuyamba kuyenda ngati pansi pali masipuling'i.

Felesita anaimba Lachitatu. Foni yochokera kumudzi pakati pa sabata sibwera ndi zabwino, ndipo moni wake unali waufupi.

"Ndiye a Chisale munawapeza, mayi?"

Esitere sanamvetse. Felesita anamufotokozera pang'onopang'ono, monga amachitira munthu amene wapsa mtima kwa masiku atatu. Kanemayo anafika kudzera pa foni ya wogulitsa mayunitsi pa sitolo. Amayi a pa mjigo anamuonera, ndipo masamu awo sanachedwe. Munthu anachoka zaka zisanu ndi zinayi zapitazo kukafuna mwamuna. Lero wanyamula mwana wazaka ngati zisanu ndi zitatu. Mwanayo akumuitana Nachisale. Kodi mfunda amatola pamsewu? Ndiye kuti mwamunayo anamupeza chaka chomwecho, akukhala limodzi, anabereka wina, ndipo wa kumudziyu anangomutaya ngati chikwanje chothyoka. Ena anafika ponena kuti mphuno ya mwanayo ndi ya a Chisale yeniyeni.

Esitere analumbira, anafotokoza za kamera, za fumbi lopaka, za chimanga cha ku Ivory Park. Felesita anati iye atha kukhulupirira, popeza anayamwa bere limodzi, koma mudzi wonse sangauyendere khomo ndi khomo. Anati ku sukulu anzake a Mainesi akumufunsa kuti mng'ono wake wa ku Joni abwera liti. Esitere atapempha kuti ayankhule ndi mwanayo, kunamveka phokoso la mapazi, kunong'onezana, kenako Felesita n'kunena kuti wapita kumadzi. Lamulungu lotsatira anali atapita kokatola nkhuni. Lamulungu linalo Felesita sanavutikenso kupeka.

Ngakhale ee ndi ayi uja anasowa. Esitere anazindikira kuti timawu touma tija tinali chakudya chake cha sabata yonse.

Anamupeza Tichaona pa desiki, akukonza ndandanda wa oyankhula pa mwambo. Mnyamatayo anamvetsera, koma nkhope yake inkaonetsa kuti sakuona pomwe pali moto. Anati limenelo ndi dzina chabe, ndipo iye ankaganiza kuti ndi mawu onyengerera mwana, ngati kunena kuti chimwemwe changa. Esitere anamufunsa mfunda wa agogo ake. Tichaona sankaudziwa. Madala aja anapita nawo kumanda a pa famu, ana awo atatenga mayina a pa chitupa.

Tichaona anachita manyazi, ndipo anapepesa kuchokera pansi pa mtima. Koma kufufuta kanemayo kunali kosatheka. Anali m'mafoni a anthu osawerengeka, ndipo madzi akatayika saoleka. Esitere anapempha kuti ajambule wina, wonena kuti zonse zija zinali sewero. Apa Tichaona anayang'ana pansi.

"Asisi, anthu akulowa chifukwa akukhulupirira kuti zija n'zoona. Ndikanena lero kuti ndi akitingi, adzati ndalamayonso ndi akitingi. Eish. Ndipatseni mpaka Loweruka lokha. Tikangolonchinga, ndijambula chilichonse chimene mukufuna."

Esitere anatenga bini n'kukataya. Sankamuda mnyamatayo. Ankaona kuti nayenso ali ndi kwawo kumene akukufuna, ndipo Nkhokweyo ndiyo inali basi yake yopitira kumeneko. Kungoti basi yakeyo inali itaponda mwana wa munthu.

Loweruka holo ya ku Troyeville inadzaza dzuwa lili paliwombo. Panali mabaluni obiriwira, masikono ndi zakumwa pa tebulo, ndi kwaya yobwereka yomwe inaika dzina la Nkhokwe mu nyimbo ya chitsitsimutso popanda manyazi. Alonda, a m'magadeni, amayi a m'makhitchini, onse anabwera atatchena, mafoni ali m'manja, kudikira zaulere zija. Pakhoma ankaonetsa wotchi yaikulu yowerenga chobwerera m'mbuyo, kuti ikafika pa ziro malonda atseguke. Kamera inali itaimikidwa pakati pa mipando, ikuulutsa zonse pa Fesibuku. Esitere anali atatumiza uthenga kwa Felesita m'mawa, womupempha kuti apite pa sitolo paja ndi mwanayo, ngakhale momukoka.

Tichaona anayankhula bwino, tisamunamizire. Ananena za agogo ake omwe anamwalira asanatumizeko ngakhale bulangete kwawo chifukwa panalibe njira. Anthu anang'ung'udza movomereza. Kenako anazimitsa magetsi n'kuonetsa kanema uja, ndipo ngakhale onse anali atamuonera kakhumi, amayi anapukutabe m'maso. Magetsi atayaka, woyendetsa mwambo anaitana mayi wa Nkhokwe ndi mwana wake kuti abwere kutsogolo. Zomwe anagwirizana zinali zoti Esitere angobayibitsa anthu n'kunena kuti Nkhokwe ndi yathu.

Anakwera atagwira dzanja la Mitchelle. M'manja munawombedwa. Anapatsidwa maikolofoni, ndipo m'malo moyang'ana anthu anayang'ana kamera.

"Ine ndine Esitere, Nambewe, wa ku Ntcheu. Mwana uyu ndi wabwino, koma si wanga. Dzina lake ndi Mitchelle, amayi ake ndi awo akhala apowo. A Chisale sindinawapeze, ndipo sindikudziwa ngati ali moyo. Mwana ndili naye mmodzi, Mainesi. Ndinamusiya ali ndi zaka zisanu. Dzina ndinaitana mu kanema muja ndi lake, ndipo ndinalakwa kuliika pa mwana wina. Za ndalamayi funsani achimwenewa, ine sindizidziwa. Ndimangokolopa mu ofesi mwawo."

Holo inangoti zii. Wina kumbuyo anaseka, mnzake n'kumugunyuza. Bambo wina wachikulire, wa chipewa cha mlonda, anadzuka n'kutuluka akupukusa mutu, ndipo angapo anamutsatira. Koma amayi ambiri anakhala pomwepo, maso ali pansi, chifukwa mwa iwo munalibe ndi mmodzi yemwe wopanda Mainesi wake kwinakwake. Tichaona anali atagwira msana wa mpando ndi manja onse awiri. Atalandira maikolofoni sanamutsutse. Ananena kuti asisi anena zoona, kenako n'kuloza wotchi ya pakhoma, pakuti inali itatsala pang'ono kufika pa ziro ndipo wotchi siidikira manyazi a munthu.

Esitere sanaone nawo ziroyo. Anabweza Mitchelle kwa amayi ake n'kutuluka, kukaima pa masitepe a panja. M'katimo anthu anawerenga mokweza, kwaya n'kuyambanso. Mmene Nkhokwe inayendera pambuyo pake ndi nkhani ina. Inakwera pang'ono, ndipo chaka chotsatira inagwa pamodzi ndi zinzake zambiri za mtundu umenewo.

Foni yake inalira kamodzi n'kuduka. Inali nambala ya Felesita. Anaimbanso, akukonzekera mawu a mkulu wake, koma woyankha anali wina.

"Amayi."

Chiyambireni, aka kanali koyamba kuti Mainesi ayambe ndiye kuyankhula. Esitere anayamba kufotokoza zonse mothamanga, ngati munthu woopa kuti mayunitsi amuthera, koma mwanayo anamudula mwaulemu. Anati aonera pa sitolo, anthu analipo ambiri, ndipo ena achita manyazi. Kenako ananena kuti iye zoti mwana uja si wawo anadziwa tsiku loyamba lomwe.

"Unadziwa bwanji?"

"Mmene ananenera kuti amayi abwera. Ngati mzungu wa ku mishoni."

Esitere anaseka, misozi ili m'maso. Kenako anafunsa chimene chinkamudya masabata atatu onse. Ngati ankadziwa, nanga foni ankaikaniranji?

Chapatali kunkamveka tambala ndi wailesi ya pa sitolo, phokoso la kwawo lenileni, ndipo Esitere anakanikiza foni kukhutu kuti lisamudutse ndi limodzi lomwe.

"Kanema uja ndimakamuonera tsiku lililonse ndikaweruka," Mainesi anatero. "Mwini sitolo amandibwereka foni. Sindimuonera yense, ndimangobwereza pomwe mukumunyamula paja. Ndimafuna ndione mmene mumanyamulira mwana. Ineyo ndayesa kukumbukira, koma sizikubwera. Ndiye mukaimba ndimaopa kuti ndikufunsani."

"Undifunse chiyani, mwana wanga?"

"Ngati munkandinyamula choncho."

"Kuposa pamenepo. Unkakana kutsika. Ndinkaphika uli kumsana, ndinkalima uli kumsana, mpaka anthu ankandiseka kuti mwanayo adzaiwala kuyenda."

Mainesi anapumira m'mwamba, ndipo Esitere sanadziwe ngati kunali kuseka kapena kulira.

"Panopa simungathenso. Ndinatalika. Amayi aakulu amandilekeza m'khutu."

Esitere ankaudziwa bwino msinkhu wa Felesita, pakuti anakula akubwerekana madiresi. Anatsika masitepe osadziwa kuti akutsika, n'kukaima m'mphepete mwa msewu. Anakweza dzanja lamanzere kufika pa mutu wake, pomwe pakanalekeza mkulu wakeyo. Kenako analikweza pang'ono, zala zitaloza kumwamba monga amayezera munthu kwawo, pakuti chikhatho choyang'ana pansi n'choyezera mbuzi. Dzanjalo linaima pamwamba pa mutu wake. Anakweza maso n'kuliyang'ana. Zaka zonsezi poyankhula pa foni ankayang'ana pansi, cha m'mawondo, pomwe anamusiya mwanayo.

Ku Joni dzanja lokwezedwa m'mbali mwa msewu ndi loimitsa takisi. Ina yoyera inaliza hutala n'kuima patsogolo pake, chitseko n'kutseguka. Dalaivala anasuzumira n'kumufunsa m'Chizulu kuti mama akupita kuti.

"Amayi, mulipo?" anafunsa Mainesi.

"Ndilipo."

Dalaivala anafunsanso, mokweza. Esitere dzanja sanatsitse.